ZONYEZIMIRA ZA PA KEKE SI NDIWO

Lero ndikhumudwitsa ena mwa inu amene munayamba bizinesi ya makeke, koma pepani, ndilankhulabe.

Masiku ano ku Mzuzu kuno kulibe phwando lopanda keke. Ukwati ku Katoto, tsiku lobadwa ku Chibavi, kutsanzikana ndi a Fomu 4, paliponse keke yowala ngati golide, ndi timikanda tasiliva pamwamba. Ana amalimbirana mbali yonyezimirayo. Ndani anafunsapo kuti ufa umenewo ndi chiyani?

Ufa wonyezimirawu ulipo wamitundu iwiri. Wina ndi wodyedwa, wopangidwa ndi shuga, sitachi wa chimanga ndi utoto wa chakudya, ndipo pa botolo pake amalemba "edible" komanso zonse zimene zilimo. Wina ndi wongokongoletsera, ndipo amangolemba "non-toxic" kapena "for decoration only". Apa ndi pamene anthu akusokonezeka. Choko chimene timalembera pa bolodi nachonso ndi "non-toxic". Alipo pakati panu anachithirapo m'phala la mwana?

Ndipo mawuwo nthawi zina amanama. Mu 2018 ku Rhode Island, ku America, ana 6 anasanza ndi kutsegula m'mimba atadya keke ya tsiku lobadwa. Ufa wa mtundu wa golide umene anaupaka unapezeka kuti unali mkuwa wopera. Mu 2019 ku Missouri, mwana wa chaka chimodzi anapezeka ndi mtovu wambiri m'magazi, ndipo ufa umene anakongoletsera keke yake unali ndi mtovu wokwana 25 peresenti. Bungwe la CDC linafalitsa nkhani ziwirizi mu 2021. Mtovu ndiwo umandiopsa kwambiri ine ngati mphunzitsi, chifukwa mwana sadwala pompo. Umawononga ubongo mwakachetechete, kenako ife n'kumamukalipira m'kalasi kuti ndi waulesi.

Ukotu n'kumene kuli malabu ofufuzira. Kuno mwana akasanza pambuyo pa phwando timati wadya kwambiri, kapena timanamizira mayonezi. Ndiye wina asandiuze kuti "kuno sizinachitikepo". Munayeza liti?

Ndaonapo ndi maso anga ufawu ukugulitsidwa m'timapepala tapulasitiki, wopungulidwa m'botolo lalikulu ngati mchere wa pa msika. Palibe dzina, palibe tsiku lothera ntchito. Wogulitsa nditamufunsa anangoti aliyense amagula womwewo. Yankho limenelo pa mayeso anga ndi ziro!

Ena muziti ndikupha bizinesi za amayi ovutika. Ayi. Mayi wophika keke ku Mchengautuwa nayenso anangogula osauzidwa kanthu, ndipo ana ake omwe amanyambita mbale. Amene ndikuwafuna ndi oitanitsa katunduyu ndi omulola kulowa. Malawi Bureau of Standards ilipo kuyambira 1972, ndipo ili ndi ofesi mumzinda muno. Itenge ufawu m'mashopu ikauyeze, zotsatira zake izilengeze pa wailesi m'Chitumbuka ndi m'Chichewa. Khonsolo ya mzinda ikamayendera malo ophikira isamangoona madzi ndi zimbudzi, izifunsanso mabotolowo. Wopanda chizindikiro alandidwe basi.

Inu a Home Economics, nkhaniyi ndi ya mphindi khumi chabe m'kalasi. Ndipo a komiti ya phwando la Fomu 4 chaka chino mudziwiretu: wopanga keke abwere ndi botolo lake tiliwerenge limodzi mu staff room. Akakana, tidzadya mandazi.