Katemera wa malungo anafika ku Phalombe ndi ndalama za yani?

Mwana wa ku Migowi kapena ku Chiringa akakwana miyezi isanu amabayidwa katemera wa malungo ku sikelo, kenako pa miyezi 6, 7 ndi 22. Mayi ake salipira kalikonse. Koma kuti katemerayu afike ku sikeloko panatenga zaka zoposa 30 za kafukufuku, ndipo ndalama zambiri zinachokera kunja. Kuyambira mu 2025 ena mwa omwe ankathandiza ayamba kubweza manja, n'chifukwa chake tiyenera kudziwa momwe ndalama za kafukufuku zimayendera.

Katemerayu, wotchedwa RTS,S, anapangidwa ndi kampani ya GSK mu 1987. Pakati pa 2009 ndi 2014 anayesedwa pa ana oposa 15,000 m'mayiko 7 a mu Africa, kuphatikizapo ku Lilongwe, mothandizidwa ndi bungwe la Bill & Melinda Gates Foundation. Pa 23 April 2019 Malawi anakhala dziko loyamba kumupereka kwa ana ku sikelo, Ghana ndi Kenya n'kutsatira. Phalombe inali imodzi mwa maboma 11 omwe anasankhidwa. Ndalama za gawoli zinachokera ku Gavi, Global Fund ndi Unitaid.

Poyamba si madera onse a m'mabomawa omwe analandira katemerayu. Ena anayamba, ena anadikira, kuti akatswiri afanizire. Zotsatira za mayiko atatuwa zinaonetsa kuti imfa za ana a msinkhu wolandira katemera zinatsika ndi 13 pa 100 zilizonse, ndipo ana ogonekedwa m'chipatala ndi malungo aakulu anachepa ndi 22 pa 100 alionse. Bungwe la WHO linavomereza katemerayu mu October 2021, ndipo kumapeto kwa 2022 madera omwe ankadikira aja anayamba kulandira. Kuwerenga imfa mudzi ndi mudzi kumafuna antchito, njinga zamoto, mafuta ndi makompyuta. Zonsezi zimalipiridwa ndi thandizo lomwe akatswiri amalitcha grant.

Grant si mphatso yogwiritsa ntchito mmene mwafunira. Bungwe lopereka limalengeza nkhani yomwe likufuna ifufuzidwe, akatswiri amalemba mapulani n'kupikisana, ndipo wopambana amayenera kupeza chilolezo ku komiti yoteteza anthu olowa m'kafukufuku, monga NHSRC ya ku unduna wa zaumoyo kapena COMREC ya ku sukulu ya ukachenjede ya KUHeS. Ndalamazo zili ndi tsiku lothera. Likafika, namwino wa kafukufuku, woyendetsa galimoto ndi wolemba mayankho onse ntchito yawathera.

Phalombe inapindulanso ndi kafukufuku wa mtundu wina. Kolera itabuka pa nyanja ya Chilwa kumapeto kwa 2015, vuto linali asodzi okhala m'zimbowera pamadzi, omwe sakanabwereranso kumtunda kudzamwa katemera kachiwiri. Mu 2016 unduna wa zaumoyo, bungwe la MSF ndi anzawo anayesa kuwapatsa asodziwo katemera wachiwiriyo kuti akamwe okha pakatha masabata awiri, ndipo zomwe anapeza zinasindikizidwa kuti mayiko ena aphunzirepo. Funsoli linabadwira panyanja pomwepa, ngakhale ndalama zake sizinali zathu.

Mphoto nazo zimathandiza, koma zimabwera ntchito itaoneka kale. Makina a Pumani, othandiza makanda obadwa masiku asanakwane kupuma, anapangidwa mogwirizana ndi chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Rice University ya ku America. Mu 2013 anapambana mphoto ya $400,000 ya GSK ndi Save the Children, yomwe inathandiza kuwafalitsa m'zipatala zina.

Chomwe sichioneka msanga ndi thandizo lolipirira maphunziro. Katswiri wotsogolera kafukufuku amafunika digiri ya masters kapena PhD, ndipo ndi Amalawi ochepa omwe angalipire okha. Pakati pa 2008 ndi 2013, Wellcome Trust ndi boma la Britain anaika pafupifupi mapaundi 10 miliyoni mu pulogalamu ya HRCSI, yomwe inkayendetsedwa kudzera ku bungwe la boma la National Commission for Science and Technology. Inalipirira maphunziro komanso kupereka ndalama za kafukufuku kwa Amalawi. Nthawi yake itakwana inatha, monga zimathera zonse zodalira ndalama za eni.

Tsopano zinthu zafika povuta. Mu January 2025 boma la America linaimitsa thandizo la mayiko akunja, ndipo bungwe la USAID linatsekedwa mu July. Mu May chaka chomwecho, bungwe la NIH, lomwe lakhala likulipira kafukufuku wa malungo ndi HIV ku Malawi kwa zaka zambiri, linaletsa njira yomwe mayunivesite a ku America ankagawirako ndalama anzawo a kunja. Britain nayo inalengeza kuti pofika 2027 ichepetsa thandizo lake kuchoka pa 0.5 kufika pa 0.3 peresenti ya chuma cha dzikolo.

Vuto lina ndi lakale: wolipira ndiye amasankha funso. Malungo, HIV ndi TB zimapeza ndalama chifukwa zili pamtima pa opereka, ndipo palibe cholakwika pamenepo. Nanga likodzo la ana osewera m'madambo a Chilwa, matenda a kuthamanga kwa magazi, kapena nkhawa za mabanja omwe anataya abale ndi nyumba pa namondwe wa Freddy mu March 2023? Mafunso oterewa amawadziwa bwino ndi anamwino, madokotala ndi alangizi a zaumoyo a ku Phalombe komweko. Kafukufuku wa m'boma limodzi safuna mabiliyoni, koma wantchito wa pa chipatala cha Holy Family kapena cha John Chilembwe sangapikisane mosavuta ndi pulofesa wa ku London pa ndalama zakunja.

Ku Bamako mu 2008, nduna za zaumoyo zinagwirizana kuti mayiko aziika 2 peresenti ya ndalama za unduna wa zaumoyo pa kafukufuku. Lamulo la sayansi la 2003 linakhazikitsa kale thumba la ndalama za sayansi ndi luso kuno kwathu. Aphungu a ku Phalombe akamakambirana bajeti, afunse kuti m'thumbamo mwalowa zingati, ndipo ndi zingati zomwe zasungidwira antchito a zaumoyo a m'maboma.