Zolemba za ophunzira zisapeputsidwe

Makolo ambiri timayesa zolemba za ana a ku yunivesite ngati masewera chabe. Komatu kuyambira mu 1979, ophunzira a digiri yoyamba ku Harvard akhala akusindikiza Harvard International Review, magazini younika ubale wa maiko ndi ufulu wa anthu.

Wokayika mphamvu ya cholembera cha wophunzira akumbukire za ku Munich. Mu 1942, akuluakulu ambiri atatseka pakamwa poopa Hitler, ophunzira a gulu la White Rose anafalitsa mwamseri timapepala toulula kuti Ayuda 300,000 anali ataphedwa ku Poland. Sophie Scholl, wa zaka 21, ndi mlongo wake Hans anadulidwa mitu pa 22 February 1943.

A ku Harvard saika moyo pachiswe chotero. Nkhawa yathu pa iwo ndi ina: kuti misozi ya wothawa nkhondo ingasanduke chongokometsera kalata yofunsira ntchito.