Akuti Anali Wokondwa

Amayi anzanga, sabata ino ndafuna kuti tikambirane za kalata ina imene inatsala pang'ono kusokoneza mtendere wa mabanja awiri. Eni ake andilola kuti ndiifotokoze pano, malinga ndisatchule dzina lawo.

Mayiwa ndi mmodzi mwa akuluakulu a gulu lathu la amayi. Mwana wawo wamwamuna amagwira ntchito ku Manchester, m'dziko la Mangalande, ndipo anakwatira mkazi wa komweko. Chaka chatha banjali linalandira mphatso ya mwana wamkazi. Patapita miyezi ingapo asewere awo, ndiye kuti mayi ake a mpongoziyo, analemba kalata ya moni m'Chingerezi naitumiza pa foni pamodzi ndi zithunzi za khandalo. Amene anawawerengera ndi kuwamasulira anali mdzukulu wawo wa mu Sitandade 6.

M'kalatamo munali mawu akuti, "She told me she was very happy with your son." Mwana uja anamasulira liwu ndi liwu nati, "Anandiuza kuti anali wokondwa kwambiri ndi mwana wanu." Mayi aja atamva liwu lakuti "anali" anagwira pamtima. Anali? Nanga tsopano? Usiku umenewo sanaone tulo. Kutacha analawirira kwathu ali ndi maganizo oti aitane ankhoswe, poti kwa iwo zinali zoonekeratu kuti ukwati uja wayamba kugwedezeka ndipo asewere akuwauza mozungulira.

Ine Chingerezi changa ndi cha ku pulaimale, ndipo paja akulu anati safunsa anadya phula. Choncho tinanyamula foni ija ulendo kwa aphunzitsi ena opuma pa ntchito a m'dera lathu. Iwo atawerenga anaseka pang'ono, natikhazika pansi.

Zimene anatiuza ndi izi. Mngerezi akamasimba zimene wina ananena, amakonda kubweza mawuwo m'mbuyo kuti alingane ndi tsiku limene ananenedwa. Munthu akanena Lachiwiri kuti "I am happy," amene anamumva akamafotokoza Lachisanu amati "She said she was happy." Liwu lija lakuti "am" lasanduka "was." Chimodzimodzinso "will" amasanduka "would," "can" amasanduka "could," ndipo "today" amakhala "that day." Chimene chapita ndi tsiku la kuyankhulako, koma chimwemwecho chingakhale chikadalipo. Mngerezi angathenso kunena kuti "She said she is happy" ngati zinthu zikadali choncho, ndipo njira ziwiri zonsezi ndi zololedwa. Akafuna kusonyeza kuti chimwemwe chinathadi, ali nawo mawu ena, monga "she used to be happy" kapena "she had been happy."

Ife m'Chichewa sitichita zimenezo. Timanyamula mawu monga momwe anatulukira pakamwa pa mwini wake. Timati, "Anati ndi wokondwa," kapena "Anati abwera mawa." Tikanena kuti "anali wokondwa," aliyense amamva kuti zinatha. Motero kumasulira koyenera kwa mawu a asewere aja kunali kwakuti, "Anandiuza kuti ndi wokondwa kwambiri ndi mwana wanu." Mdzukulu uja tisamuimbe mlandu, pakuti anapereka zimene maso ake anaona pa kalatapo.

Mayi aja anapumira m'mwamba nayamba kumanga chitenje kuti azipita. Koma aphunzitsi anawaletsa, nati nkhani yeniyeni inali m'munsi mwa kalatayo. Pamenepo panalembedwa kuti, "She did mention she was a little hurt about the name." Mdzukulu anali atamasulira kuti mpongozi anadandaula pang'ono za dzina, ndipo agogo atamva "pang'ono" sanalabadireko.

Nkhani ya dzinayo inali yotere. Khanda lija litabadwa, agogo analitcha dzina pa foni monga mwa mwambo wathu, nalengeza kwa abale onse ndi kumpingo komwe. Mwana wawo anavomera mwaulemu, koma mayi wa khandalo panalibe amene anamufunsa. Kwa ife kutchedwa dzina ndi agogo ndi ulemu waukulu. Kwa Angerezi dzina la mwana amasankha ndi bambo ndi mayi ake, ndipo ena amayamba kulikambirana mwanayo asanabadwe.

Aphunzitsi anatifotokozera kuti Angerezi ambiri, makamaka a ku Mangalande kwenikweniko, amachepetsa mawu akamanena zowawa mumtima, kaya ndi zawo kaya ndi za anzawo. Munthu amene wapsa mtima angathe kungoti "I was not very pleased," ngati kuti sanakondwe kwenikweni basi. Amene walira usiku wonse, anzake angamunene kuti anali "a bit upset." Sikuti onse amatero, pakuti anthu ndi osiyana kulikonse. Koma mayi wamkulu akafika polemba m'kalata ya moni, yopita kwa asewere amene sanaonanepo nawo, kuti mwana wake anawawidwa mtima pang'ono, dziwani kuti pang'onopo ndi pakulu. Taonani tsono mmene zinatembenukira. Pamene panalibe mlandu ife tinaona moto, ndipo pamene panali chilonda tinadutsapo osaima.

Chinanso chimene ndinatolapo tsiku limenelo ndi chakuti wosimba nkhani m'Chingerezi amabisa maganizo ake m'liwu limene wasankha m'malo mwa "anati." Akalemba "she said," wangopereka uthenga. Akalemba "she admitted," akutanthauza kuti munthuyo anavomera chinthu chimene sanafune kuchiulula. Akalemba "she complained," wamuika m'gulu la odandaula. Akalemba "she claimed she was ill," kawirikawiri ndiye kuti wolembayo akukayika za matendawo. Ndipo akati "she seemed sad," akunena zimene iye anaona pa nkhope, mwini wake asanatsegule pakamwa. Ifenso tili nako kachitidwe kameneka. Mayi akati, "Ati akudwala," atapinda mlomo ndi kukweza mawu kumapeto, tonse timadziwa kuti sakukhulupirira. Kusiyana kwake ndi kwakuti ife timamvera ku mawu ndi ku nkhope, pamene pa pepala la Chingerezi palibe nkhope yoti tiione.

Mwina wina afunsa kuti zimenezi zikumukhudza bwanji iye amene alibe mbale kunja. Amayi, chiyambire 1968, pamene Chichewa chinasankhidwa kukhala chiyankhulo cha fuko lathu, Chingerezi chakhala chikugwirabe ntchito m'maofesi a boma, m'makhoti ndi m'sukulu. Makalata ochokera kwa aphunzitsi a ana athu, zolembedwa za kuchipatala, ngakhale malipoti a misonkhano ya magulu athu ndi alendo a mabungwe, zambiri zimakhala m'Chingerezi. M'menemo mumalembedwa zimene ife tinanena ndi mmene tinamvera mumtima. Ndi bwino kudziwa ngati wolembayo anati tinanena, tinavomera kapena tinadandaula.

Mayi aja sanachedwe. Paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Lamulungu lotsatira anaimba foni ku Manchester, mwana wawo ali pakati kumasulira. Anapepesa kwa mpongozi wawo, namufotokozera chifukwa chimene agogo amatchera dzina kuno kwathu. Mpongoziyo anayankha kuti dzinalo analikonda kuyambira tsiku loyamba, chimene chinamupweteka ndi kusafunsidwa basi. Lero mwana uja ali ndi mayina awiri, la agogo ndi la mayi ake, ndipo ankhoswe sanavutitsidwe.

Langizo langa kwa inu ndi lakuti kalata ya Chingerezi yonena za mumtima mwa munthu musaisiye m'manja mwa mwana yekha. Mwana awerenge, koma mukaionetsenso kwa wamkulu wodziwa bwino chiyankhulocho musanachitepo kanthu. Ndipo ngakhale pakati pa ife tokha, pa mjigo kapena ku chigayo, wina akakubweretserani mawu akuti "akuti wakwiya nanu," mufunseni modekha kuti mwini wakeyo ananena chiyani kwenikweni, ananena liti, ndiponso amauza yani. Mukatero pitani mukamve kwa mwini wakeyo, pakuti mtima wa munthu amaudziwa ndi iye amene waunyamula.

Tsalani bwino amayi, tidzachezanso sabata yamawa.