Basi yathu sinalodzedwe, ni nthambo cabe

Amene mumakwela mabasi a ku Matero mwina munaionako. Ni Hiace yakale imene dilaiva akaponda mabuleki, malaiti a pa dashibodi amayaka okha. Akayatsa indiketa ya kumanzele, kumbuyo malaiti ena amaphethila nawo. Tsiku lina madzulo, tili pa mzele wa mamotoka mu Lumumba Road, basi yodzala mpaka pa citseko, malaiti a mkati anazima, wailesi nayo zii. Amai ena kumbuyo anayamba kupemphela. Ba kondakita anaseka, ati, "Osayopa amai, iyi basi banaiika mankhwala banzathu ba pa station, bafuna tileke kusebenza." Anasolola fyuzi yakupsa mu kabokosi kake, anaikulunga na kapepala kowala ka mu paketi ya fodya, n'kuibwezela. Malaiti anayaka. Anthu anaomba m'manja.

Ine sindinaombe. Titayenda pang'ono ndinamva kafungo ka pulasitiki yopsa, ndipo ndinaseluka n'kutsiliza ulendo wapansi. Cimene ndifuna kukamba lelo ni ici: zodabwitsa za malaiti a motoka yakale zili na cifukwa cake, ndipo cifukwaco cimapezeka ngati munthu apima m'malo molota. Coopsa m'mabasi athu si ukalamba wa motoka. Coopsa ni cizolowezi cotseka pakamwa fyuzi pamene ikutiuza kuti pali vuto.

Dilaiva wa basi iyo timakhala naye komboni imodzi. Nditamufunsa, anandiuza kuti mwini basi anagula kale batili yatsopano, vuto osatha. Anagulanso alternator ya salaula, vuto osatha. Wina anawauza kuti acotse nthambo zonse aike zina. Apa m'pamene nkhani ya mankhwala inayambila, pakuti ndalama zikapita koma matenda alipobe, munthu amayamba kuyang'ana anansi.

Pa Sondo, titacoka ku chalichi, tinaipeleka kwa mdala wina wa malaiti a mamotoka amene amasebenzela pansi pa mtengo ku Garden. Ndinapita nawo kuti ndikaone na maso anga. Mdalayo sanafunse kuti tabwela na zingati. Anatulutsa kamita kopimila malaiti na kababu kokhala na nthambo ziwili. Anapima batili injini ili yozima: 12.6 volts, kutanthauza kuti ni yodzala bwino. Anati dilaiva alize injini, anapimanso: pafupifupi 14. Alternator yabwino imapeleka pakati pa 13.5 na 14.5. Basi yaikulu monga Rosa imayendela 24 volts, conco manambala ake amakhala kawili. Anapimanso batili yakale na alternator yakale zimene zinali kumbuyo kwa mipando, n'kupukusa mutu. "Ivi vonse vinali cabe bwino. Munataya ndalama."

Kenaka anatiphunzitsa cinthu cimene ndiganiza kuti aliyense wokwela basi angamve. Malaiti amacoka ku batili ku mbali ya plus, amadutsa pa fyuzi, pa switch, n'kufika pa babu. Koma safika n'kukhala. Afunika kubwelela ku batili ku mbali ya minus, apo ayi babu siyaka. Opanga motoka saika nthambo yobwelela yaitali pa cinthu ciliconse. Amamangilila kanthambo kafupi ku citsulo ca thupi la motoka, ndipo citsuloco ndiye mseu wobwelela. Ndiye cimene amakanika amati earth.

Inu mudziwa zimene madilaiva athu amacita mseu waukulu ukatsekeka na madzi. Sabwelela ku Kulima Tower kukagona. Amakhota, amalowa m'komboni, amadutsa pa nyumba za anthu, pa mpopi, pa kantemba, malinga afike. Malaiti nawo ni cimodzimodzi. Earth ikacita dzimbili, amafuna-funa njila ina iliyonse yobwelela, olo ikhale ya eni ake.

Mu basi iyi, babu ya kumbuyo ili na tunthambo tuwili mkati: ka 21 watts ka mabuleki, na ka 5 watts ka park. Tonse tuwili tumabwelela pa earth imodzi. Kabauti ka earth iyo, kuseli kwa laiti ya kumbuyo, kanali kofiila na dzimbili cifukwa ca matope a zaka zambili. Conco dilaiva akaponda mabuleki, malaiti osowa pobwelela anali kulowa mu kanthambo ka park, n'kuyenda cobwelela mpaka kutsogolo, kumene nthambo imodzimodziyo imadyetsa malaiti a pa dashibodi. Ndiye mfiti yake iyo. Mdala anamasula kabauti, anakwecesa na sandpaper mpaka citsulo cinawala, anamanga zolimba, anapakapo gilisi. Dilaiva anaponda mabuleki: kumbuyo kunayaka bwino, dashibodi ili phee.

Musaone ngati ni nkhani yoseketsa cabe. Earth yoipa imafooketsa malaiti a mabuleki, ndipo imasokoneza indiketa. Ganizilani usiku mu Kafue Road kapena mu Great North Road, basi yaima mwadzidzidzi kuti itole munthu, kumbuyo kukubwela thilaki yolema. Woyendetsa thilakiyo alibe cina comuuza kuti mwaima koma malaiti awili ofiila aja. Amene amakhala pa mpando wothela ni inu na ine.

Vuto laciwili linali la fyuzi ija. Mdala anacotsa kapepala ka fodya, ndipo tinaona kuti pulasitiki ya kabokosi inali itayamba kale kusungunuka. Anazima zonse, n'kulumikiza kababu kake pamalo pa fyuzi. Anati ngati pali nthambo imene ikhudza citsulo, babu idzayaka kwambili. Sinayake. Anagwedeza nthambo za pansi pa dashibodi, palibe. Anafunsa dilaiva, "Imapsa nthawi bwanji?" Dilaiva ati kambili madzulo, basi ikadzala. Mdala anatiuza tonse atatu kuti tikhale pa mpando wa kumbuyo kwa dilaiva. Titangokhala, babu ngwee.

Pansi pa mpandowo panadutsa nthambo imene wina anaikapo kuti idyetse masipika aakulu na pochajila mafoni. Anaiba malaiti ku nthambo ya malaiti a mkati, anapota na manja, anakulunga tepi, n'kuipitsa pansi pa mwendo wa mpando. Citsulo cinadya cikumba ca nthambo pang'ono-pang'ono. Basi ikakhala yopanda anthu, palibe vuto. Anthu akakhala, mpando umatsika n'kutsina nthambo, plus n'kukumana na citsulo. Ndiye short. N'cifukwa cake ku galaji m'mawa basi inali kuoneka yamoyo, madzulo n'kudwala.

Manje tikambe za fyuzi. Nchito yake ni kufa. Ni kacitsulo kocepa kamene anapanga dala kuti kasungunuke malaiti akapitilila muyezo, nthambo isanayambe kutentha. Zija za mapulasitiki a mitundu zili na manambala: yofiila ni 10 amps, ya buluu 15, yacikasu 20, yobiliwila 30. Nambala iliyonse anaisankha molingana na kunenepa kwa nthambo imene ikuteteza. Ukaika ya 30 pamalo pa ya 10, kapena kapepala ka fodya, kapena kawaya, short sinathe iyayi. Wangocotsa mlonda. Cimene cidzapsa tsopano ni nthambo yeniyeniyo, ndipo nthambo zimayenda m'mitolo, pansi pa kapeti na pansi pa mipando ya siponji. Batili ya motoka, olo ni 12 volts cabe, ili na mphamvu yofiilitsa nthambo m'kanthawi kocepa.

Mu Hiace injini ili pansi pa mipando yakutsogolo, ndipo ife akumbuyo tili na citseko cimodzi cokoka, cimene nthawi zina cimatseguka na kondakita yekha wodziwa pocimenya. Ikani mmenemo anthu oposa 14, mwana kumsana, thumba la unga na ndowa pa njila. Utsi ukayamba, ndani adzatuluka coyamba, ndani adzatsala?

Sindifuna kuunjika mlandu wonse pa kondakita. Iye na dilaiva amadzuka kukali mdima ali na ngongole kale: cashing ya mwini basi, mafuta, na za pa station. Zotsala ndiye zawo. Dilaiva uja anandiuza mosabisa, "Nikaimika basi half day, cashing nizaicosa kuti? Bana bazadya cani?" Funso lake ni la zoona. Malinga ngati ola lililonse la ku galaji licoka m'thumba la dilaiva, kapepala ka fodya kadzapambana. Conco mau anga oyamba apite kwa eni mabasi. Basi ni yanu. Ikapsa, dilaiva adzapeza ina yoyendetsa, inu mudzatsala na cigoba. Kupatsa dilaiva theka la tsiku lopanda cashing kuti nthambo zionedwe n'kochipa kuposa batili na alternator zimene mnzanu uja anagula pacabe.

Ena adzati mabasi awa ni akale, anabwela atasebenza kale ku Japan, ndiye tiyembekezele ciani? Zoona, ni akale. Koma nthambo za ku fakitale kambili zimakhala nthawi yaitali. Zimene zimavuta ni malo olumikizila amene acita dzimbili, na zimene ife taonjezapo: masipika, malaiti a mitundu-mitundu, alamu, pochajila. Ciliconse coonjezela cifunika fyuzi yake-yake pafupi na pamene catengela malaiti, nthambo ya saizi yoyenela, na njila yosakhudza citsulo cakuthwa. Izi sizifuna basi yatsopano.

Ni zoonanso kuti si onse odzicha amalaiti amene adziwa nchito. Alipo amene zida zawo ni pulayasi na tepi cabe, amene amadula apa n'kulumikiza apo mpaka cinthu cayaka, vuto n'kusamukila kwina. Madilaiva, njila yowadziwila ni yapafupi. Munthu akakuuzani kuti gulani cakuti, mufunseni kuti, "Mwapima ciani, ndipo mwapeza zingati?" Wodziwa adzakuonetsani pa mita. Wolota adzakwiya. Ndipo fyuzi ikapsa kawili pamalo amodzi, musafune yaikulu. Funani pamene nthambo yasupuka.

Nafenso okwela tili na mbali yathu. RTSA imapima basi pa fitness, apolisi a pamseu amaona ngati malaiti ayaka, koma amene amakhala m'basi tsiku na tsiku ndise. Ndise amene timakuwa kuti "tiyeni ba driver, tacedwa" pamene munthu afuna kuona cimene cavuta. Ndise tinaomba m'manja tsiku lija. Mphuno zathu ni cipangizo cabwino. Fungo la pulasitiki yopsa silifanana na la dizilo kapena la mabuleki otentha. Mukalimva, kambani mokweza. Utsi ukaoneka, basi iime, injini izime, anthu atuluke coyamba, katundu pambuyo. Wodziwa acotse nthambo ya minus ku batili. Ndalama ya ulendo umodzi si yofela.

Mvula ili pafupi. Kuyambila mu November mabasi adzayamba kusambila m'madzi a ku Kanyama na kwina konse kumene ngalande zimadzala, ndipo madzi na matope zidzalowa paliponse pamene pali tepi yomatuka. Nthawi yoyeletsa ma earth, kumanga mitu ya batili na kugula kapaketi ka mafyuzi oyenela ni ino, kukali kouma.

Basi ija ikali kuyenda. Ndinaikwelanso dzulo, ndipo nthambo ya masipika tsopano imadutsa m'mbali, ili na fyuzi yake. Amai ena anafunsa kondakita ngati ni ija inali yolodzedwa. Iye ati, "Ni yamene iyi amai, koma mudala wa ku Garden anacosa mankhwala yonse na sandpaper."