Musathamangire ma GB, ganizirani makutu anu

Mwasunga ndalama miyezi ingapo kuti mugule kachipangizo kanu koyamba komvera nyimbo, kaja timangoti ka MP3. Mukafika pa shopu, wogulitsa akuuzani chinthu chimodzi basi: "Aka ndi ka 64 GB, amwene!" Ine maganizo anga ndi akuti nambala imeneyi muziiganizira pomaliza.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Nyimbo zambiri za MP3 zimasungidwa pa 128 kbps, kutanthauza mabiti 128,000 pa sekondi. Bayiti imodzi ndi mabiti 8, ndiye tikagawa tipeza mabayiti 16,000 pa sekondi. Tikachulukitsa ndi 60, mphindi imodzi ikudya pafupifupi 1 MB, ndipo nyimbo ya mphindi 4 ikudya 4 MB. Choncho mu 8 GB mungalowe nyimbo pafupifupi 2,000. Mutati muzimvera usana ndi usiku osapuma, zingakutengereni masiku oposa 5. iPod yoyamba, yomwe kampani ya Apple inatulutsa mu 2001, inali ya 5 GB yokha, koma inkanyamula nyimbo 1,000.

Nanga zimatheka bwanji kuti nyimbo ichepe chonchi, pomwe pa CD mphindi imodzi imadya pafupifupi 10 MB? Akatswiri a ku Fraunhofer ku Germany, omwe anagwira ntchito yaikulu popanga MP3, anatengera mmene khutu limamvera. Ng'oma ikalira mwamphamvu, kamawu kofooka kolira nthawi yomweyo khutu silikamva. MP3 imataya timawu totere, inu osazindikira n'komwe.

Chinanso, nambala yolembedwa pa paketi nthawi zina imakhala yabodza. Pali timemori khadi tachinyengo tomwe timauza kompyuta kuti ndi ta 64 GB pomwe malo ake enieni ndi ochepa. Mukapyola malo enieniwo, nyimbo zina zimangowonongeka, sizilira. Bola ka 8 GB kenikeni kusiyana ndi ka 64 GB kabodza.

Ndiye ndalama yanu ipite kuti? Ku mahedifoni. Mkati mwa khutu muli kachiwalo kopindika ngati chigoba cha nkhono, kotchedwa cochlea. M'menemo muli timaselo ta titsitsi tomwe timasandutsa kunjenjemera kwa mawu kukhala uthenga wopita ku ubongo. Phokoso lalikulu limapha timaselo timeneti, ndipo tikafa sitimeranso. Kachipangizo kakawonongeka mugula kena, koma khutu lilibe sipeya.

Bungwe la WHO limati munthu wamkulu angamvere mawu a madesibelo 80 kwa maola osapitirira 40 pa sabata. Koma taonani izi: mukangowonjezera madesibelo 3, mphamvu ya mawu imawirikiza kawiri, ndipo nthawi yotetezeka imatsika ndi theka. Pa 83 ndi maola 20, pa 86 ndi maola 10. Kungodina kabatani ka voliyumu kangapo, maola ambiri apita.

Apa ndi pomwe mahedifoni abwino amathandiza. Mukakhala mu minibasi, injini ikulira, kondakitala akukuwa, mumakweza voliyumu kuti mupose phokosolo. Mahedifoni okhala ndi timphira totseka bwino khutu amachepetsa phokoso la kunja, ndiye mumamva bwino voliyumu ili yotsika. Yesetsani kusapyola 60 peresenti, ndipo muzipumitsa makutu. Ngati mukachotsa mahedifoni m'khutu mukulira kuti "ziii", dziwani kuti mwapyola muyeso.

Kenako funsani za batire: limakhala maola angati, nanga limatchajidwa ndi chingwe wamba cha USB? Magetsi akazima mudzathokoza. Kakakhala ndi wailesi ya FM komanso polowetsa memori khadi, ndiye bwino kwambiri.

Wina anena kuti, "Aaa, bwanji osangomvera pa foni?" Zoona, foni imaimba nyimbo bwinobwino, ndipo ngati muli nayo palibe chokukakamizani kugula china. Ubwino wa ka MP3 ndi woti kalibe WhatsApp yokusokonezani mukamawerenga, komanso simumaliza batire la foni. Koma kaya ndi foni kaya ndi ka MP3, lamulo la makutu ndi lomwelo.

Tsono pokagula, yambani mwayesa mahedifoni m'khutu, funsani za batire, kenako ndiye muone ma GB. Makutu omwe mukumvera nawo nyimbo lerowa ndi omwewo mudzamvere nawo zidzukulu zanu.