Detox? Likoma anayamba kale, koma osakokomeza

Tsegulani TikTok kapena status za pa WhatsApp, mphindi zisanu sizitha musanakumane ndi wina wogulitsa tiyi wophwetsa mimba. Wina akuti masiku 7 a madzi a mandimu okhaokha "atsuka magazi". Winanso akuitanira ku retreat ya m'mbali mwa nyanja: yoga m'mamawa, foni pansi, chakudya chopanda gluten, ukabwerako uli watsopano thupi ndi mzimu womwe. Likoma ndi amodzi mwa malo omwe amatchulidwa pankhanizi, ndipo m'pomveka. Chilumbachi n'chaching'ono, magalimoto n'ngowerengeka, ndipo malo ogona alendo ngati Kaya Mawa amakopa anthu ochokera kutali omwe amalipira madola kuti akamve bata.

Tiyeni tione kaye mbale yomwe mlendoyo akuisirira.

Malambe. Mitengo ya milambe ili mbwee pa Likoma, ndipo ana amangomung'unya zipatso zake posewera. Mu 2008 bungwe la European Union linavomereza ufa wa malambe kuti uzigulitsidwa ngati chakudya ku Ulaya, ndipo lero ku London uli m'timapaketi tokongola tolembedwa superfood. Akunama? Ayi. Malambe ali ndi vitamini C wambiri kuposa malalanje. Chodabwitsa n'chakuti ife timayamba kuwapatsa ulemu akavala paketi.

Kondowole nayenso alibe gluten, poti gluten amapezeka mu tirigu ndi mbewu zina zofanana naye, osati mu chinangwa. Koma apa tisanamizane. Kupewa gluten n'kofunika kwa anthu omwe matupi awo sagwirizana naye, monga odwala matenda a coeliac. Kwa enafe si chozizwitsa chilichonse. Komanso kondowole payekha ndi wokhutitsa basi, zomanga thupi alibe zokwanira. Amene amamuthandiza ndi usipa wapambali paja. Poti timadya ndi mutu ndi minga yomwe, usipa umapereka zomanga thupi komanso calcium wolimbitsa mafupa, zomwe ena akuzisaka m'mabotolo a mapilisi odula. Ikaniponso chigwada chotendera, mwatha.

Ndipo ngati pali detox yeniyeni pachilumbapa, ndi ya amayi aja oviika chinangwa. Chinangwa chowawa chili ndi poizoni wa mtundu wa cyanide, ndipo kuchiviika m'madzi kwa masiku angapo, kenako n'kuchiyanika, kumamuchotsa. Pamenepo poizoni ali ndi dzina, ndipo njira yomuchotsera ndi yodziwika. Tsono mufunseni wa tiyi uja kuti akuchotsa poizoni uti m'thupi mwanu, muone akamazungulira. Ntchito yosefa magazi imagwiridwa ndi chiwindi ndi impso, usana ndi usiku, kwaulere. Tiyi wambiri wotereyu amakhala ndi senna, tsamba lotsegula m'mimba. Sikelo imatsikadi, koma chomwe mwataya ndi madzi, ndipo pakatha masiku ochepa amabwerera. Ndalama zokha ndiye sizibwerera.

Sindikufuna kuti tipange Likoma kukhala paradaiso wa pa positikhadi. Nthaka yake ndi yamiyala ndi mchenga, ndipo zakudya zambiri zimachita kubwera pamadzi kuchokera ku Nkhata Bay ndi kutsidya ku Mozambique. Wodya kondowole ndi usipa sabata yathunthu chifukwa palibe china sanasankhe "diet", eti. A zaumoyo kuno kwathu amatiphunzitsa za magulu 6 a zakudya: zokhutitsa, zanyama, za mtundu wa nyemba, masamba, zipatso ndi zamafuta. Dongosolo lililonse lomwe likukuuzani kuti mutaye magulu anayi n'kutsala ndi juwisi, likayikireni.

Nanga za mzimu? Kuchoka paphokoso kuti munthu akakhale chete si nzeru yobwera ndi Instagram. Tchalitchi chachikulu cha St Peter's, chomwe amishoni a UMCA anayamba kumanga mu 1903, chaona mibadwo ya anthu akusala m'nyengo ya Lenti, masiku 40 chaka chilichonse. Asilamu pa Ramadan amasala masana, dzuwa likalowa amadya, ndipo wodwala amaloledwa kudzabweza masikuwo akachira. Kusala kwa makolo athu m'chikhulupiriro kuli ndi malire, ndipo kumachitika pagulu, pomwe wina angaone kuti mnzathuyu wafooka.

Chomwe chimandidetsa nkhawa ndi mpikisano womwe wabwerawu: kusala kopanda ngakhale dontho la madzi kwa masiku atatu kapena kuposerapo, wina n'kumaika pa status ngati wawina chikho. M'nyengo yotentha ya Okutobala zimenezi zitha kuwononga impso. Wodwala shuga amene amabaya insulin akhoza kukomoka. Mayi woyembekezera asayerekeze n'komwe. Ndipo amene ali pa ma ARV, mankhwala a BP kapena a khunyu, wina akakuuzani kuti siyani mankhwala poti mukuyeretsedwa, kaya ndi wogulitsa zitsamba kaya wavala suti yaubusa, nyamukani muzipita. Pa Likoma pali chipatala, inde, koma vuto likakula thandizo lina lili kutsidya kwa madzi, ndipo nyanja sichita changu chifukwa choti inu mwadwala.

Ngati mwatopa, mutu wadzadza ndi ntchito, ngongole ndi magulu a WhatsApp osatha, ulendo wa ku Likoma ndikuuvomereza ndi manja awiri. Sufuna madola. Ilala, yomwe yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951, imaima pamenepo. Mungofunsiratu tsiku lake, chifukwa nthawi zina imachedwa. Malo ogona otsikirapo mtengo alipo. Yendani wapansi kuchokera ku Mbamba kukafika kugombe lakutali, gulani nsomba kwa asodzi, gonani msanga, data muzimitse mpaka madzulo. Tengani mankhwala anu onse okwanira ndi masiku owonjezera, gonani mu neti, ndipo mukasambira m'nyanja, pakatha miyezi iwiri kapena itatu mukayezetse likodzo.