Mukufuna matayala a flush? Yezani kaye musanagule ma spacer

Pa TikTok ndi Instagram mwaziona: galimoto yaima pamalo osalala, matayala atuluka kufika ndendende m'mphepete mwa madigadi, osabisala mkati komanso osapitirira kunja. Amati flush. Ka Vitz kapena ka Fit kamene dzulo kamaoneka ngati kapanikiza miyendo, lero kaima motangadza ngati kali ndi mawu. Kukongola kwake sindikutsutsa. Vuto ndi lakuti ambiri amayamba ndi kugula, kuyeza n'kubwera pambuyo tayala litayamba kale kukhula madigadi. Komatu chimene tikuseweretsa apachi ndi chomwe chimagwira tayala kuti lisachoke galimoto ili pa 100 mumsewu wa M1.

Tiyambe ndi manambala amene ali kuseri kwa limu yanu. Mukaichotsa n'kuitembenuza mupeza zilembo zonga 15x5.5J ET45. Nambala 15 ndi kukula kwa limu m'mainchi, 5.5 ndi m'lifupi mwake, ndipo ET45 ndiye offset. ET ndi chidule cha mawu a Chijeremani akuti Einpresstiefe. Malimu ena a ku Japan amangolemba +45, tanthauzo ndi lomwelo. Yerekezani kuti mwajambula mzere pakati penipeni pa limu, theka kunja theka mkati. Offset ndi mtunda, m'mamilimita, kuchoka pamzerewo kukafika pamene limu imakhudzana ndi hub. Nambala ikakula tayala limalowa mkati, ikachepa limatuluka kunja. Zimamveka ngati zotembenuka, ndipo apa ndi pamene ambiri amaphonyera: munthu amagula ET50 poganiza kuti nambala yaikulu ndiye dolo, kenako n'kudabwa kuti matayala abisala kuposa kale.

Offset payokha sikuuzani zonse, iyenera kuwerengedwa limodzi ndi m'lifupi. Tinene kuti galimoto ili ndi 15x5.5 ET45 ndipo mwakopeka ndi 15x7 ET35. Limu yatsopanoyi yakula ndi inchi imodzi ndi theka, omwe ndi mamilimita 38, popeza inchi imodzi ndi mamilimita 25.4. Kukulako kumagawika pawiri, 19 kunja ndi 19 mkati. Kenako offset yatsika ndi 10, kutanthauza kuti limu yonse yasunthira kunja ndi 10. Ndiye mbali yakunja yatuluka ndi 19 kuphatikiza 10, omwe ndi 29, pamene yamkati yayandikira mashoka ndi 19 kuchotsera 10, omwe ndi 9. Masamu ake ndi a pulayimale, koma wogulitsa malimu sadzakuwerengerani. Iye amangoona kuti mabowo akugwirizana n'kunena kuti, “Abwana, iyi ndiye yake.”

Kodi mamilimita 29 amenewo muli nawo? Imikani galimoto pamalo athyathyathya, mangani nati kuchingwe, chitsitseni kuchokera m'mphepete mwa madigadi pamwamba penipeni pa tayala, kenako yezani ndi rula mpata wa pakati pa chingwe ndi mbali yofufuma ya tayala. Ndanena tayala, osati limu, chifukwa chimene chimakhula madigadi ndi labala. Yezani mawilo onse anayi. Kutsogolo ndi kumbuyo sikukhala kofanana, ndipo galimoto yomwe inagundapo kumanzere ndi kumanja kumasiyananso. Mukatero pindani chiwongolero mpaka kumapeto mbali zonse ziwiri, muone mpata wotsala mkati.

Tsopano nali gawo limene mavidiyo sakuonetsani. Galimoto za pazithunzizo zimajambulidwa zilibe munthu, pamsewu wosalala ngati tebulo. Yanu imanyamula anthu atatu kumbuyo, thumba la chimanga la makilogalamu 50 m'buti, n'kukumana ndi hampu pa trading centre iliyonse. Ikalemedwa imatsika, tayala n'kukwera kulowa m'madigadi. Tayala lomwe linali flush galimoto ili yopanda kanthu limakumana ndi mkombero wachitsulo, ndipo mkomberowo umacheka labala pang'onopang'ono ngati mpeni wobuntha. Kumbuyo kwa galimoto zing'onozing'ono ngati Vitz, Fit ndi Demio ndiye koopsa kwambiri, chifukwa mawilo awiriwo ali pachitsulo chimodzi chopingasa, ndipo akamakwera sapendekera mkati mokwanira kuti azembe madigadi. Choncho itanani anzanu akhale kumbuyo, muyezenso. Kwa ine flush ya kuno ndi yosiya mamilimita 5 mkati. Pachithunzi palibe adzazindikire, koma tayala lanu lidzafika chaka chamawa.

Nanga spacer imalowa pati? Ndi chimbale chachitsulo kapena cha aluminiyamu chomwe chimaikidwa pakati pa hub ndi limu, ndipo ntchito yake ndi kuchepetsa offset basi. Spacer ya mamilimita 10 pa limu ya ET45 imaisandutsa ET35. Ngati malimu simunagule, gulani a offset yoyenera nkhani ithere pomwepo. Spacer ikhale ya munthu amene malimu ali nawo kale ndipo akungofuna kukonza pang'ono, kapena amene limu yake ikukhudza mabuleki.

Ma spacer alipo amitundu iwiri. Woyamba ndi wongolowetsa pamabawuti a hub, limu n'kubwera pamwamba. Choopsa chake n'chakuti milimita iliyonse ya spacer yadya milimita ya mazinga omwe nati imayenera kugwira. Lamulo la amakaniko ndi lakuti nati igwire mazinga otalika ngati kunenepa kwa bawuti. Toyota, Honda ndi Mazda zambiri zimagwiritsa ntchito M12x1.5: bawuti ndi ya mamilimita 12, ndipo nati ikazungulira kamodzi imayenda 1.5. Ndiye iyenera kuzungulira ka 8 isanalimbe. Nissan ndi Subaru ndi M12x1.25, pamenepo muwerenge ka 10. Ziwerengeni nokha ndi dzanja. Mukapeza ka 5 kokha, musalole mawu akuti “tingomanga kwambiri”. Pakufunika mabawuti aatali. N'chifukwa chake spacer ya mtundu uwu ikapitirira mamilimita 3 mpaka 5 pamabawuti akale ndimaiona ngati juga. A Polo ndi Golf nkhani yanu ndi yosiyana pang'ono: VW imamanga limu ndi mabawuti olowa mu hub, choncho spacer ya 10 imafuna mabawuti otalikirapo ndi 10, a mutu wofanana ndi mabowo a limu.

Mtundu wachiwiri umamangidwa pa hub ndi manati akeake, ndipo uli ndi mabawuti ena omangirapo limu. Umenewu umakhala wonenepa, kuyambira cha m'ma 15 kupita m'tsogolo. Ukakhala wa 15 kapena 20, nthawi zambiri mabawuti akale amatulukira pamwamba pa spacer, ndipo ngati kuseri kwa limu kulibe timaenje toti alowemo, limu imakhala pamitu ya mabawuti m'malo mogona pa spacer. Manati amaoneka ngati alimba pamene tayala likulendewera. Musaiwalenso kuti manati achuluka kawiri, ndipo theka lake labisika kuseri kwa limu kumene simuliona.

Pali nambala ina yomwe imaiwalika, ya bowo lapakati. Vitz, Fit ndi Note zonse ndi 4x100, kutanthauza mabowo anayi pabwalo la mamilimita 100, ndiye anthu amaganiza kuti zonse n'zimodzi. Koma kamlomo ka pa hub komwe limu imakhalapo ndi ka 54.1 pa Vitz, 56.1 pa Fit ndi 60.1 pa Note. Kamlomoka ndi kamene kamaika tayala pakati penipeni. Spacer yathyathyathya ya “galimoto iliyonse”, ija ya mabowo ambirimbiri, imakakwirira, tayala n'kutsala lopanda pokhazikika. Zotsatira zake ndi chiwongolero chonjenjemera mukangopitirira 80, ndipo mudzapita ku balancing katatu osatha. Funani spacer ya hub-centric, yokhala ndi bowo la muyeso wa hub yanu komanso kamlomo kake kolandirira limu. Ngati mukusulitsa pa lathe, mmisiri akhale wodziwa kuti nkhope ziwirizo ziyenera kukhala zofanana kunenepa paliponse. Zosanjikiza ma washer, kapena kuphatikiza ma spacer awiri, zimenezo ayi ndithu.

Ngakhale zonse zitachitika bwino, mtengo wake ulipo. Gwirani ndowa ya madzi pafupi ndi thupi, kenako itambasuleni mkono: kulemera n'komweko koma phewa likumva. Bearing nayo imamva chimodzimodzi tayala likatalikira. Mamilimita 5 kapena 10 siwodetsa nkhawa kwambiri, koma 25 kapena 30 pamisewu ya maenje mudzayamba kumva kulira kwa bearing msanga. Chiwongolero nachonso chimasintha: chimalemerako, ndipo tayala limodzi likagwa m'dzenje chimakutsomphola m'manja mwamphamvu kuposa kale. Dzinja likafika, matope ndi timiyala timene madigadi ankatchinga tizimenya zitseko, penti n'kumatha.

Ku Japan komwe kumachokera galimoto zathu zambiri, woyendera galimoto salola limu kutulukira kunja kwa madigadi. Mu 2017 anafewetsako lamulo, koma analola labala lokha, ndipo losafika mamilimita 10. Ngati eni ake a masitayilowa amawerenga mpaka milimita, ifenso tisamachite zongoyerekeza ndi maso. Ndipo musanasinthe, imbirani a inshuwalansi yanu muwafunse ngati kusinthaku akufuna kudziwitsidwa; funso limeneli n'losavuta lero kusiyana ndi tsiku la ngozi.

Pomanga, palani dzimbiri lonse pa hub mpaka chitsulo chiwale, chifukwa kachidutswa kakang'ono kotsalira kamapendeketsa tayala lonse. Mazinga musapake girisi. Manati amangidwe modumphitsa, osati motsatizana, ndipo amalizidwe ndi torque wrench: Toyota zing'onozing'ono zambiri zimafuna 103 Nm, Honda 108 Nm. Mnyamata wodumpha pa sipanala ndi phazi akhoza kukoka bawuti mpaka kuifooketsa, ndipo imadzathyoka tsiku lina popanda kuchenjeza. Mukayenda makilomita 50 mpaka 100 bwererani akaonenso manati onse, kuphatikizapo obisika aja, zomwe zikutanthauza kuchotsanso mawilo.

Musanachoke pagalaja, yesani tayala la sipeya pa spacer, muone ngati likugona bwino komanso ngati manati a malimu atsopanowo akugwirizana nalo. Ngati sakugwirizana, manati akale aja ayikeni m'kapepala, akhale m'buti pafupi ndi jeke.